N'chifukwa chiyani imfa ina mu series timaiyamikira, ina n'kutikwiyitsa?

Tiyamike:

Anzanga okonda ma series a ngwazi zamphamvu ndi a zamatsenga, ndithandizeni. Chenjezo kaye: muno tiulula mathero a Game of Thrones, WandaVision ndi ena, ndiye amene sanaonere asapitirire kuwerenga.

Mu 2013, mu sizoni 3 ya Game of Thrones, Robb Stark, mayi ake ndi mkazi wake woyembekezera anaphedwa paphwando la ukwati. Anthu analira, ena anatukwana, koma gawo limenelo mpaka lero limaikidwa pa magawo abwino kwambiri a series yonse. Mu 2019 series yomweyo inaonetsa Daenerys akuwotcha mzinda wa King's Landing, ndipo anthu opitirira miliyoni imodzi anasaina chikalata pa Change.org chofuna kuti sizoni 8 ipangidwenso ndi olemba ena. Zonse ziwiri n'zowawa, zonse ziwiri n'zodzidzimutsa. Kusiyana kwake kuli pati? Yankho lakuti "ina inalembedwa bwino, ina moipa" silindikwanira. Ndikufuna kudziwa chimene chimasweka m'nkhani, malo ake enieni.

Funso lachiwiri: kodi phokoso la oonera limafika kwa olemba? Ilipo series imene inasinthadi nkhani chifukwa anthu akwiya?

Kalembera:

Achemwali, yambani ndi kuwerenga magawo, chifukwa yankho lalikulu lili pamenepo.

Kuphedwa kwa Robb kunakonzedwa kwa magawo 20. Mu gawo 9 la sizoni 1, Catelyn, mayi ake a Robb, anapangana ndi Walder Frey kuti asilikali a Robb awoloke pa mlatho wa ku Twins, malipiro ake Robb adzakwatire mwana wa Frey. Kumapeto kwa sizoni 2 Robb anaphwanya panganolo n'kukwatira Talisa. Mu gawo 5 la sizoni 3 anadula mutu Rickard Karstark, asilikali a Karstark n'kumuthawa, ndiye anasowa kolowera kupatula kubwerera kwa Frey yemwe anamuchititsa manyazi uja. Gawo lotsatira Roose Bolton, mmodzi wa atsogoleri a nkhondo a Robb, analola mkaidi wawo Jaime Lannister kupita kwawo m'malo mom'bweza kwa Robb. Mu gawo 8 Cersei anafotokozera Margaery kuti nyimbo ya a Lannister, adani a Robb, imakamba za banja limene linafafanizidwa lonse. Choncho nyimboyo ikuyamba kulira paukwati mu gawo 9, woonera tcheru amadziwa limodzi ndi Catelyn kuti zinthu zavuta. Tsoka lonse linachokera pa zosankha za Robb mwini wake, ndipo chosankha chilichonse tinachiona ndi maso, chifukwa chake tinachimvetsanso. Umadzidzimuka mphindi imodzi, ukabwerera m'mbuyo n'kupeza kuti unauzidwa zonse.

Pa Daenerys, amene amaikira kumbuyo sizoni 8 amati zizindikiro zinalipo, ndipo sakunama. Anapachika akuluakulu 163 a ku Meereen mu sizoni 4, anawotcha atsogoleri a Dothraki mu sizoni 6, anawotcha Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon mu sizoni 7. Koma taonani amene ankaphedwawo: eni akapolo, atsogoleri a nkhondo, asilikali okana kugwada. Pa anthu wamba series inationetsa zosiyana. Kumapeto kwa sizoni 4, bambo wina atabweretsa mafupa a mwana wake amene Drogon, chinjoka cha Daenerys, anamuwotcha, Daenerys anamanga zinjoka zake zina ziwiri ndi unyolo n'kuzitsekera mumdima. Chifukwa cha mwana mmodzi. Kuti munthu wotere afike powotcha misewu yodzaza ana, mabelu ogonja atalira kale, pamafunika masitepe apakati. Aphe anthu wamba mwangozi n'kudzikhululukira. Kenako awaphe akudziwa n'kunena kuti panalibe kuchitira mwina. Kenako asiye n'kufunsa komwe. Masitepe amenewa mulibemo. Zimene zilimo ndi zowawa zounjikana: Jorah anafa mu gawo 3, chinjoka chake Rhaegal ndi mnzake Missandei mu gawo 4, Varys anamuukira n'kuphedwa mu gawo 5, mzinda n'kupsa gawo lomwelo. Chisoni chotere chimamveka ngati chifukwa cholondolera Cersei, mdani wake amene anali poonekera m'nyumba yachifumu ya Red Keep. Sichimveka ngati chifukwa chosiya Cersei n'kuyamba ndi misewu. Ndipo moto ukangoyamba, kamera imatsikira kwa anthu othawa, siitibwezeranso pankhope ya Daenerys, ndiye pa chosankha chake chachikulu koposa sitikudziwa chimene akuganiza.

Malo oika masitepewo anasowa chifukwa magawo anachepa. Sizoni 1 mpaka 6 iliyonse inali ndi magawo 10, sizoni 7 inali ndi 7, sizoni 8 inali ndi 6. Kuthamanga kunayamba kuoneka mu gawo 6 la sizoni 7: Gendry anathamanga mpaka ku Khoma, khwangwala n'kuuluka ndi uthenga mpaka ku Dragonstone, Daenerys n'kubwera ndi zinjoka, anzake a Jon akadali pamwala pakati pa nyanja youndana. Mu sizoni 1 ulendo wa mfumu wochoka ku King's Landing kupita ku Winterfell unatenga mwezi. Series ikakuphunzitsa kuti mtunda umapha anthu, kenako mtundawo n'kuzimiririka, oonera amazindikira kuti malamulo akutsatira zofuna za olemba.

Mukafuna kuona kusintha kwa munthu kolembedwa moleza mtima, onani Zuko mu Avatar: The Last Airbender, ya magawo 61. Chiyambi cha chipsera chake timachimva mu gawo 12. M'buku lachiwiri (sizoni 2) amayenda yekha n'kuona zimene dziko lake lachita kwa anthu wamba, koma kumapeto kwa bukulo amasankhabe mbali ya mchemwali wake Azula. Amalandira ulemu umene ankaufuna, n'kupeza kuti sukumupatsa mtendere, ndipo amakalankhula ndi bambo ake maso ndi maso mu gawo 51. Kubwerera m'mbuyo kuja n'kumene kumachititsa kuti tikhulupirire.

Njira yoyesera n'kuonera kachiwiri. Pa chosankha chachikulu chilichonse dzifunseni kuti munthuyu akudziwa chiyani panthawiyi, akufuna chiyani, ndipo ndi liti tinamuona akuchita chaching'ono chofanana nacho. Ngati yankho likupezeka kokha m'zokamba za olemba gawo litatha, ndiye kuti pasweka. Rhaegal ataphedwa, David Benioff, mmodzi wa olemba Game of Thrones, anafotokoza kuti Daenerys anachita ngati waiwala za zombo za Euron, chonsecho zombozo zinatchulidwa pamsonkhano wa nkhondo m'gawo lomwelo.

Mjambuli:

Ine ndiyankhe lachiwirilo. Zimadalira kalendala ya ntchito kuposa mtima wa olemba.

Ma series a mawailesi a kanema a ku America monga ABC, NBC ndi The CW ankakhala ndi magawo 22 kapena 23 pa sizoni. Kujambula kumayamba cha mu Julayi, kuonetsa cha mu Seputembala kapena Okutobala, ntchito n'kupitirira mpaka cha mu Epulo, gawo limodzi likutenga masiku a ntchito pafupifupi 8. Ndiye gawo loyamba likamaonetsedwa, ojambula amakhala ali magawo angapo patsogolo, koma theka lachiwiri la sizoni limakhala lisanamalizidwe kulembedwa. Dandaulo la mu Okutobala likhoza kubala zipatso mu Febuluwale kapena Malichi. Lost inachita chimodzimodzi: inabweretsa Nikki ndi Paulo kumayambiriro kwa sizoni 3 mu 2006, oonera anawakana chifukwa ankaonetsedwa ngati analipo pachilumba kuyambira pachiyambi, ndipo mu Malichi 2007, mu gawo 14, olemba anawakwirira m'manda ali moyo.

Ma series a magawo 6, 8 kapena 10 a HBO, Netflix ndi Disney+ sayenda choncho. Magawo onse amalembedwa ndi kujambulidwa gawo loyamba lisanatuluke, chifukwa zithunzi za pakompyuta, monga zinjoka ndi nkhondo za m'mwamba, zimafuna miyezi yambiri. Sizoni 8 ya Game of Thrones inajambulidwa kuyambira Okutobala 2017 mpaka Julayi 2018, n'kuonetsedwa mu Epulo ndi Meyi 2019. Chikalata chija chinabwera patatha miyezi pafupifupi 10 makamera atazimitsidwa. Panalibe chosintha. Komanso kumbukirani kuti kampani imawerenga maso, siwerenga mitima. Gawo lomaliza linaonedwa ndi anthu 19.3 miliyoni usiku woyamba pa njira zonse za HBO, chiwerengero chimene HBO inali isanachifikepo, ndipo sizoniyo inapatanso mphoto ya Emmy ya sewero lopambana mu 2019. Woonera wokwiya ndi wosangalala amawerengedwa mofanana.

Chimene oonera amakwanitsa kawirikawiri n'kupulumutsa series, osati kukonza nkhani yake. Fox inathetsa Lucifer mu Meyi 2018 itatha masizoni 3, otsatira anachita phokoso pa Twitter, Netflix n'kuitenga mu Juni, ndipo inafika sizoni 6. Zinatheka chifukwa mwini wa series anali Warner Bros., osati Fox, ndiye anali ndi ufulu wokaigulitsa kwina, komanso zinachitika msanga osewera asanamwazikane kukagwira ntchito zina. Sense8, yomwe Netflix inaithetsa mu 2017, inapatsidwa gawo limodzi lalitali lotsekera mu 2018. Daredevil inathetsedwa mu Novembala 2018, ndipo phokoso silinaibweze nthawi yomweyo. Series yatsopano ya Daredevil, sitaringi akadali Charlie Cox yemweyo, inadzatuluka pa Disney+ mu Malichi 2025.

Kumvera nakonso si mankhwala nthawi zonse. Tim Kring, wopanga Heroes, anavomera poyera mu 2007 kuti sizoni 2 inayamba mochedwetsa nkhani. Sitiraka ya olemba inaidula pa magawo 11. Sizoni 3 inapita mbali inayo, zinthu zikusintha gawo lililonse: mdani wamkulu Sylar kukhala wabwino, kuuzidwa kuti ndi mwana wa a Petrelli, kenako n'kupezeka kuti linali bodza, n'kubwereranso kuipa. Oonera anapitirira kuchepa mpaka series inathetsedwa mu 2010. Oonera amadziwa bwino pamene pakupweteka, koma mankhwala amene amapempha sakhala olondola nthawi zambiri.

Naphiri:

A Kalembera, pa Daenerys tili limodzi, koma mlandu wonse tisauike pa olemba. Malonjezo ena timadzilonjeza tokha.

WandaVision inatuluka mlungu ndi mlungu kuyambira Januwale mpaka Malichi 2021, magawo 9. Masiku 7 a pakati pa magawowo anthu ankaimitsa chithunzi chilichonse kufunafuna zobisika, ndipo anatsimikiza kuti Mephisto, mdyerekezi wa m'nkhani za Marvel, ndiye akuyendetsa zonse. Maziko ake anali mabuku a zithunzi a Marvel ndi nthabwala ya Agnes yotchula mdyerekezi mu gawo 2. Monica atangotchula injiniya wina wodziwana naye, anthu anati ameneyo ndi Reed Richards, mtsogoleri wa ngwazi za Fantastic Four. Series sinalonjeze chilichonse mwa izi. Funso limene inafunsa kuyambira gawo 1 linali lakuti n'chiyani chachititsa Wanda kudzimangira dziko labodza, ndipo gawo 8 linayankha mokwanira. Amene anakwiya chifukwa cha Mephisto anakwiyira nkhani imene anailemba okha.

Za Pietro, mchimwene wake wa Wanda, n'zosiyana, pamenepo olemba ali ndi mlandu. M'mafilimu a Marvel Studios Pietro anali Aaron Taylor-Johnson ndipo anafa mu 2015. Kumapeto kwa gawo 5 chitseko chinatseguka n'kutulukira Evan Peters, amene anasewera munthu yemweyo m'mafilimu a X-Men a Fox, kampani imene Disney inaigula mu 2019. Kusankha wosewera ameneyo ndi uthenga kwa oonera, ndipo opanga series ankadziwa mmene umvekere. Gawo lomaliza litanena kuti ndi munthu wamba wa m'tauniyo dzina lake Ralph Bohner, anthu anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Dandaulo lina limene ndimaliona lolemera, ngakhale linamveka pang'ono, ndi lakuti Wanda anagwira ukapolo anthu a tauni yonse, ana awo atatsekeredwa m'zipinda, koma gawo lomaliza linaika pakamwa pa Monica mawu omumvera chisoni Wandayo kuposa anthu ozunzidwawo.

Choncho musanalowe m'gulu la okwiya, funsani kuti lonjezo limene akuti laphwanyidwalo lili pa gawo liti, mphindi iti. Ngati palibe angaloze, ndi lathu.

Chenjeraninso ndi nyenyezi za pa intaneti. Sizoni 2 ya The Boys mu 2020 inapatsidwa nyenyezi imodzi ndi anthu ambiri pa Amazon, chifukwa chake osati nkhani, koma kuti anatulutsa magawo 3 oyamba kenako limodzi pa mlungu, pomwe sizoni 1 inatuluka yonse tsiku limodzi. The Rings of Power mu 2022 inafika poti Amazon inkachedwetsa ndemanga za oonera ndi maola 72 kuti izisefe, ndipo mbali ina ya phokosolo inali kunyoza osewera akuda chifukwa cha khungu lawo, zimene sizikhudzana ndi kalembedwe n'komwe. Musamangoona chiwerengero chapakati. Tsegulani muone mmene mavoti agawikira. Akaunjikana pa 1 ndi pa 10, pakati pali mbee, imeneyo ndi nkhondo ya magulu awiri. Onaninso nthawi: ndemanga zolembedwa gawo lisanathe n'komwe kuonetsedwa ndi za akandimverere, amene anakanena za m'maluwa. Mavoti odalirika ndi a gawo ndi gawo, otsika pang'onopang'ono, olembawo akutchula zochitika zenizeni.

Dalitso_K:

Ndiwonjezere vuto la ma series a ngwazi makamaka, lomwe ndi mphamvu za sitaringi. The Flash inatha masizoni 9 ndi magawo 184 kuyambira 2014 mpaka 2023, sitaringi wake, Barry, ndi munthu wothamanga kuposa chipolopolo. Munthu wotere mdani wamba amamumanga asanaphethire, ndiye gawo la mphindi 42 likhoza kutha m'masekondi. Olemba amatsala ndi njira zochepa: Barry aime n'kuyamba kulankhula ndi mdani mpaka amenyedwe, kapena mphamvu zake zichotsedwe kwa kanthawi, kapena mdani akhale wothamanga kumuposa. Njira yachitatuyi anaigwiritsa masizoni 3 otsatizana, Reverse-Flash, Zoom ndi Savitar, ndipo awiri oyambawo onse anabisala ngati aphunzitsi ake. Oonera amawerengera. Ukaonetsa kuti Barry amatha kutulutsa anthu onse m'nyumba yoyaka, sungadzaonetse mlungu wamawa akulephera kulanda mfuti kwa munthu mmodzi popanda kupereka chifukwa. Flashpoint, nkhani ya dziko losinthika Barry atabwerera m'mbuyo kukapulumutsa mayi ake, imene anthu anaidikira miyezi yonse ya tchuthi, inangokhala gawo limodzi loyamba la sizoni 3, ngakhale zotsatira zake zinatsala.

Chimene chimagwira ntchito n'kupatsa mphamvu malire ndi mtengo zimene woonera akuzidziwa nkhondo isanayambe, kapena kupatsa sitaringi vuto limene mphamvu sizingathetse. Invincible inachita zimenezi mu 2021: kumapeto kwa gawo loyamba Omni-Man anapha gulu lonse la Guardians of the Globe, woonera akuona, mwana wake Mark asakudziwa. Magawo 7 otsalawo mantha athu sanali akuti ndani wamphamvu, chifukwa zimenezo tinazidziwa kale. Anali akuti Mark ndi mayi ake adziwa liti. Secret Invasion mu 2023 inachita zosiyana: nkhani ya ukazitape inathera pa G'iah kulandira mphamvu za ngwazi zambirimbiri nthawi imodzi n'kuzigwiritsa bwinobwino osaphunzira.

Imfa nayo imatha mphamvu ikabwezedwa kawirikawiri. Mu Arrow, Sara Lance anaphedwa kumayambiriro kwa sizoni 3 n'kuukitsidwa ndi dziwe lamatsenga la Lazarus Pit mu sizoni 4. Sitaringi Oliver anabayidwa n'kugwera kuphompho pakati pa sizoni 3, n'kubwerera patangopita magawo ochepa. Pofika pa imfa ya Laurel mu sizoni 4, ena sanakhulupirire, ena anakwiya kuti bwanji iyeyu yekha, ndipo wosewera wake anadzabwereranso ngati Laurel wa dziko lina. Njira youkitsira ikangolowa m'nkhani, imfa iliyonse yotsatira imafuna kufotokoza chifukwa chimene njirayo siigwira ntchito ulendo uno.

Tiyamike:

Zikomo nonse. A Kalembera, chimodzi chikundivutabe. Mu Game of Thrones, Arya kupha Night King, mfumu ya asilikali akufa ya maso a buluu, kunakonzedwa: Bran anamupatsa mpeni umene anaphera mu sizoni 7, tinamuona akuusintha dzanja polimbana ndi Brienne, ndipo Melisandre anamuuza kale za maso a buluu. Masitepe alipo, koma anthu ambiri anadandaulabe. Ndiye kuyesa kwanu kuja kukulephera apa?

Kalembera:

Sikukulephera, achemwali, koma kumayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi angathe. Arya angathe, mpeni ndi luso tinaziona mu gawo 4 la sizoni 7. Funso lina ndi lakuti nkhondoyi ndi ya ndani, ndipo series inatha zaka zambiri ikuyankha kuti ndi ya Jon ndi Bran. Jon ndiye anapha White Walker, mmodzi wa akuluakulu a gulu la Night King, ku Hardhome mu gawo 8 la sizoni 5, Night King n'kumuyang'ana m'maso akudzutsa akufa. Jon ndiye anaukitsidwa mu sizoni 6, n'kupereka ufumu wake mu sizoni 7 kuti apeze zinjoka za nkhondoyi. Bran ndiye anaikidwa chizindikiro pamkono. Arya asanafike sizoni 8 sanakumanepo ndi White Walker ngakhale kamodzi. Mndandanda wake wa oti aphe unali ndi Cersei. Mawu a Melisandre a mu sizoni 3 anatchula maso a bulauni, a buluu ndi obiriwira, ndipo mu sizoni 8 anawasanja mwina kuti a buluu akhale kumapeto. Olemba okha ananena kuti anasankha Arya zaka pafupifupi 3 m'mbuyomo chifukwa anthu sakanamuyembekezera, kutanthauza kuti mawu a mu 2013 aja anachita kubwerekedwa pambuyo pake.

Zikanatheka kusiya Arya kuti abaye, koma Jon ndi Bran achite chinachake chimene popanda icho mpeniwo sukanafika. M'gawolo Jon amathera kumbuyo kwa mwala akukuwira chinjoka, Bran amapita mu akhwangwala popanda chotsatira chake. Onjezerani malo a gawolo: chiopsezo chimene chinatsegula series mu mphindi zoyamba za 2011 chinatha usiku umodzi, mu gawo 3 mwa magawo 6, chisanapitirire Winterfell, ndipo Cersei amene anakana kutumiza asilikali sanalipire kanthu pa kukanako.